Nkhani imayamba pakamwa: mawu kwa amene mukukaphunzitsa ana kulemba

Anzathu amene simunabwere Loweruka lapitali mwapempha kuti tiike pano zimene a patroni athu anayankhula kwa mamembala amene adzipereka kukayendetsa timagulu ta alembi m'sukulu zozungulira kuno teremu ikubwerayi. Tazilemba monga anayankhulira. Tangochotsako gawo la ndalama za mayendedwe, limenelo tikambirana pa gulupu.

Monire mose. Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse amene mwasiya zochita zanu n'kubwera. Ndiyankhula m'Chichewa chifukwa pakati pathu pali anzathu ochokera ku Kasungu ndi ku Zomba amene Chitumbuka chawo chikadali cha "yewo" basi. Koma za chiyankhulo ndibwererako, chifukwa ndi nkhani yaikulu pa ntchito imene mukukagwira.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Chaka changa choyamba pa uphunzitsi, pa sukulu ina imene sinditchula, mtsikana wina wa Fomu 1 anandibweretsera kope lake nthawi yopuma. Analemba nkhani ya masamba anayi popanda womutuma. Inali nkhani ya agogo ake aamuna amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi wailesi, ndiye mudzi wonse unkasonkhana pakhomo pawo madzulo, mpaka tsiku limene mabatire anatha ndipo anthu anasiya kubwera. Ine ndinatenga bolopeni yofiira. Ndinazunguliza masipelo olakwika, ndinaika mipumiro pamene panalibe, ndipo kumapeto ndinalemba kuti nkhaniyi ilibe chiyambi, thunthu ndi mathero oyenera. Ndinamubwezera kope lili psuu. Anati zikomo, n'kupita. Mwana uja sanandibweretserenso kanthu mpaka anamaliza Fomu 4. Papita zaka zambiri, masipelo ake aja ndinawaiwala onse, koma agogo aja atakhala okha pakhonde ndi wailesi yosalira ndimawaonabe. Tanthauzo lake nkhani ija inali yabwino. Wolephera ndinali ine.

Nde chinthu choyamba chimene mukachite musanalowe m'kalasi, bolopeni yofiira mukaisiye kunyumba.

Chachiwiri, mudziwe kuti chimangirizo ndi nkhani yopeka ndi zinthu ziwiri. Chimangirizo ana akuchiphunzira kale, ndipo n'chofunika chifukwa chimabwera pa mayeso. Chili ndi malamulo ake, aphunzitsi awo akuwapatsa. Inu simukupita kukalanda ntchito ya aphunzitsi. Mwana polemba chimangirizo amadzifunsa kuti kodi wochonga akufuna chiyani. Polemba nkhani ayenera kudzifunsa kuti kodi mnzanga amene akumvetserayu ndimugwira bwanji kuti asadzuke kupita kukasewera mpira. Ntchito yanu ndi kumusamutsa mwanayo kuchoka pa funso loyambalo kupita pa lachiwirilo, kwa ola limodzi pa sabata.

Ndipo musaganize kuti mukukayamba pa nthaka youma. Ana amenewa nkhani amazidziwa kale. Ambiri a ife tinakula ndi vidokoni, zimene anzathu a kumwera amati nthano. Taganizani bwino zimene agogo ankachita akamasimba. Sankayamba ndi kutiuza phunziro la nthanoyo. Ankayamba ndi munthu kapena nyama imene ili pa vuto: kwagwa chilala, nyama zikukumba chitsime, Kalulu wakana kukumba koma madzi akuwafuna. Basi, tonse takhala chete. Ankasintha mawu, Njovu iyankhule mokhuthala, Kalulu mopyapyala. Pakati ankaikapo nyimbo yoti tonse tivomere, kuti amene wayamba kuodzera adzuke. Chinthu chinkachitika katatu, kachitatuko n'kusintha. Ndipo m'Chichewa wosimba akati "Padangotero," omvera amayankha "Tili tonse." Mawu awiri amenewo ndi sukulu yonse ya ulembi. Wosimba amamva ndi makutu ake ngati anthu akadali naye. "Tili tonse" akayamba kumveka mofooka, amadziwa kuti apa ndachedwapo, ndithamange. Wolemba pa pepala alibe mwayi umenewo, ndiye ayenera kuphunzira kumva "tili tonse" m'mutu mwake.

N'chifukwa chake tsiku loyamba musalole mwana aliyense kutsegula kope. Akhale awiriawiri. Aliyense amusimbire mnzake, kwa mphindi zitatu, za tsiku limene anachita mantha kwambiri kapena tsiku limene ananama n'kugwidwa. Kenako womvera uja ndiye aimirire, asimbire gulu lonse nkhani ya mnzakeyo. Muona zodabwitsa. Mwini nkhani ayamba kukuwa, "Ayi, wasiya pa galu paja!" Pamenepo muimitse kalasi, mufunse kuti n'chifukwa chiyani pa galu paja sipoyenera kusiyidwa. Mwana amene wayankha funso limenelo waphunzira kusankha zofunika mu nkhani, inu osalemba tanthauzo lililonse pa bolodi. Mawu akuluakulu aja a m'kalasi la Chichewa, ampangankhani, tsatanetsatane, pampondachimera, adzabwera pambuyo, mwana atagwira kale chinthucho ndi manja ake.

Tsopano mafupa a nkhani. Ine ndimawaphunzitsa ndi mafunso anayi okha, ndipo ndikupemphani muwalowetse pamtima. Ndani? Akufuna chiyani? Chikumuletsa n'chiyani? Achita chiyani, ndipo zimudyera chiyani? Nkhani zambiri za ana zimafa chifukwa funso lachiwiri ndi lachitatu palibe. Mwana amalemba kuti ndinadzuka, ndinasamba, ndinadya, tinakwera galimoto, tinafika ku Mzuzu, tinasangalala kwambiri. Umenewo ndi mndandanda wa zochitika. Palibe amene akufuna kanthu, palibe chomuletsa.

Tiyeni tipange imodzi pompano kuti muone. Ndani? Mtsikana wa Sitandade 7, kwawo cha ku Mhuju. Amayi ake amutuma kuchigayo ndi ndowa ya chimanga, ndalama amumangira pa nsonga ya chitenje. Akufuna chiyani? Kubwerera ndi ufa dzuwa lisanalowe, chifukwa kunyumba kulibe wina. Chikumuletsa n'chiyani? Wafika pa mzere, wamasula mfundo ya chitenje, ndalama mulibe. Mwaona? Nonse mwasiya mafoni. Tsopano funsani ana kuti achita chiyani. Wina ati abwerere m'njira akafunefune. Chabwino, wabwerera, sanaipeze, ndipo malo ake pa mzere apita. Wina ati apemphe ngongole. Wapempha, wapachigayo wakana, akuti ngongole inamuphera bizinesi chaka chatha. Wina ati abwereke kwa mnzake. Mnzake alipo pa mzere pomwepo, ndalama ali nayo, koma awiriwa sakuyankhulana chiyambire sabata yatha. Apa nkhani yakoma, chifukwa vuto lachoka pa ndalama lafika pa mtima. Kodi adzichepetsa? Tinene kuti wakanika, manyazi amugwira. Wapachigayo akuti, siya mbale ziwiri za chimanga m'malo mwa ndalama. Wavomera. Ufa ukupita kunyumba, koma ndowa yaphwa.

Nanga mathero? Apa ndi pamene ana athu amagwera m'maenje awiri. Dzenje loyamba ndi lakuti, "Kenako ndinadzidzimuka, anali maloto." Limeneli mukaliletse tsiku loyamba lomwe. Kumeneko n'kumuyendetsa munthu mtunda wautali kenako n'kumuuza kuti kumene timapitako kulibe. Dzenje lachiwiri ndi ulaliki: "Choncho anzanga, tiyeni tizisamala ndalama." Owerenga si ana a mkaka. Tayesani mathero awa. Amayi alandira ndowa, ayang'ana m'kati, ayang'ana mwana, sananene kanthu. Usiku aphika nsima, agawira ana onse, iwo akuti sakumva njala. Mtsikana uja akudya, koma nsima ikukanika kutsika. Basi, lekerani pomwepo. Palibe amene walalikira, koma aliyense m'chipinda muno wamva kanthu pakhosi. Phunziro lili m'katimo ngati mchere m'ndiwo.

Chinthu china chimene mukalimbane nacho ndi ichi: ana athu amaganiza kuti nkhani yeniyeni imachitikira kutali. Mukawauza kuti alembe, mupeza mpangankhani ndi bwana wa kampani ku London, ali ndi galimoto zisanu, pomwe wolembayo sanadutsepo pa Bwengu. Sindikuwaseka, amalemba zimene amaonera m'mafilimu. Koma nkhani zotero zimatuluka zopanda fungo, chifukwa mwanayo sakudziwa kuti m'nyumba ya bwanayo mumanunkhira chiyani. Pomwe fungo la fodya m'chigafa amalidziwa. Kuzizira kwa m'mapiri a Phoka mwezi wa June amakudziwa. Phokoso la Rukuru pa Njakwa nthawi ya dzinja, usipa uli pa thandala ku Mlowe, fumbi la malasha pa zovala za munthu wochokera ku Mchenga, mantha a mlimi wa ku Hewe njovu za ku Vwaza zikalowa m'munda usiku. Zimenezi wolemba wa ku London sangazilembe. Chuma chawo n'chimenechi, koma sakudziwa kuti ndi chuma.

Muwapatse ntchito iyi. Aliyense akakhale pa malo amodzi kwa mphindi khumi, kaya pa mjigo, kaya pa depoti, kaya pa msika, alembe zinthu zisanu zimene waona, zitatu zimene wamva ndi makutu, ndi fungo limodzi. Mawu akuti "zokongola" ndi "zosangalatsa" ndi oletsedwa. Asalembe kuti mayiyo anali wosauka. Alembe kuti patapata wake anali womanga ndi waya. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulembi wambiri ndi kudekha kumeneko.

Mukafuna kuwalimbitsa mtima, simufunika kupita kutali kukasaka zitsanzo. Boma lathu lino lili ndi mbiri ya zolembalemba kuposa mmene timaganizira. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, paphiri paja panakhala sukulu ndi makina osindikizira mabuku. Pa sukulu ya sekondale ya Livingstonia ndi pamene anaphunzira Legson Kayira, mnyamata wochokera ku Nthalire. Mu 1958 ananyamuka wapansi kulowera kumpoto, akuti akukafuna maphunziro ku America. Ali ku Kampala analowa mu laibulale, napeza buku la mayina a makoleji a ku America, nalembera kalata koleji ya Skagit Valley, ndipo anamulandira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, ndipo anafika ku America patatha zaka ziwiri chinyamukire. Buku lake lofotokoza ulendowu linatuluka mu 1965, ndipo mutu wake, I Will Try, anautenga pa mawu a chilimbikitso a sukulu yake ya Livingstonia. Koma chimene ndikufuna muwauze ana ndi ichi: munthu ameneyu atafika ku America, kenako ku Cambridge, atayamba kulemba nkhani zopeka monga The Looming Shadow ndi Jingala, anabwerera kumudzi m'maganizo mwake. Analemba za anthu a kumudzi, mikangano yawo, ndi bambo wokalamba wolimbana ndi mwana wake wa pasukulu. Anayenda mtunda wonsewo, koma nkhani anazipeza kumene anachokera.

Chimodzimodzi Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Buku lake Nthondo, la mu 1933, ndi moyo wa munthu wamba wa m'mudzi wa Achewa, ndipo analilemba m'chiyankhulo chake. Linapambana mphotho pa mpikisano wa zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo amene analimasulira m'Chingerezi, n'kulitcha Man of Africa, anali Cullen Young, mmishonale amene anagwira ntchito ku Livingstonia konkuno. Atsikana muwauze za Walije Gondwe wa ku Mzimba, amene buku lake Love's Dilemma linatuluka mu 1985 mu gulu la mabuku a Pacesetters amene makolo anu ankalimbirana ku sekondale. Ndipo a masiku ano muwauze za Stanley Onjezani Kenani, amene nkhani zake zazifupi zinafika kawiri, mu 2008 ndi mu 2012, pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine, imene olemba a mu Africa yense amapikisana.

Tsopano za chiyankhulo zija. Mwana akufunsani, "Tilembe m'chiyani?" Yankho langa ndi lakuti alembe m'chiyankhulo chimene nkhaniyo yamubwerera. Ngati agogo a mu nkhaniyo akukalipa m'Chitumbuka, akalipe m'Chitumbuka. Mukudziwa kuti mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwereranso mu 1994. Zaka zimenezo zinasiya chipsera. Mpaka lero pali ana amene amayankhula Chitumbuka tsiku lonse koma sanaonepo nkhani yopeka yolembedwa m'Chitumbuka, ndiye amaganiza kuti chiyankhulo chawo ndi cha kukhitchini ndi kutchalitchi basi. Ine sindikudana ndi Chichewa, ndi ichi ndikuyankhulachi, ndipo mabuku a John Gwengwe, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani ndi amene anandikondetsa kuwerenga. Chingerezi nachonso achiphunzire molimbika, chimatsegula makomo. Koma mwana amene waphunzira kumanga nkhani m'chiyankhulo cha amayi ake savutika kusamutsira lusolo kwina. Ovuta ndi mafupa aja. Akawadziwa, chiyankhulo chilichonse chimavala pamwamba.

Pa zokambirana za ampangankhani, lamulo ndi limodzi: awerenge mokweza. Ngati anzake aseka chifukwa palibe munthu amayankhula choncho, akonze. Mwana wa zaka khumi sauza amayi ake kuti, "Mayi wanga wokondedwa, ndataya ndalama." Amazungulira. Amayamba ndi kunena kuti kuchigayo kunali anthu ambiri. Anthu akakhala ndi mantha kapena manyazi sanena chimene chili pamtima, ndipo wolemba wabwino amalemba kuzungulirako.

Nanga kukonza zolakwika? Sindikuti masipelo alibe ntchito. Ndikuti ali ndi nthawi yake, ndipo nthawi yake ndi yomaliza. Mwana akawerenga nkhani yake pagulu, anzake anene zinthu zitatu motsatana: pamene pandigwira mtima ndi apa, pamene ndasochera ndi apa, ndipo funso langa ndi ili. Mawu akuti "yabowa" kapena "yabwino" osafotokoza chifukwa, ayi. Wolembayo asadziteteze, angomvetsera n'kulemba. Kenako akalembenso. Muwauze poyera kuti kulembanso si chilango. Ngakhale ufa umapetedwa usanalowe mumphika. Ndipo wina akabweretsa nkhani yosalala kwambiri, ya Chingerezi choposa msinkhu wake, musamuchititse manyazi kuti wakopera pa intaneti. Ingomuuzani atseke kope, asimbe pakamwa, kenako mumufunse kuti mpangankhani wakeyo anadya chiyani m'mawa. Mwini nkhani amayankha osaganiza.

Pali chinthu chimodzi cholemera chimene sindingachisiye. Mukauza ana kuti alembe zimene akudziwa, ena alemba zimene zikuwachitikira. Tsiku lina mulandira nkhani ya "mtsikana wina" amene amalume ake amalowa m'chipinda chake usiku, kapena amene akukakamizidwa kukwatiwa kuti kwawo alandire ng'ombe. Mwina ndi yopeka, mwina ayi. Nkhani yotero musaiwerenge pagulu, musaijambule n'kuiika pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo musasanduke wapolisi wofufuza. Muyankhule ndi mwanayo modekha, pamalo poonekera, kenako tsiku lomwelo mudziwitse mphunzitsi amene sukulu yakupatsani kuti muzigwira naye ntchito, ndi ine. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116, aliyense ailembe pachikuto cha kope lake. Komanso muwaletse ana kutchula mayina enieni a anthu a m'mudzi, makamaka pa nkhani za ufiti. Nkhani ya mwana ikhoza kuyatsa moto umene agogo osalakwa angapse nawo. Cholembera si choseweretsa.

Za dongosolo ndinene mwachidule, zambiri zili pa pepala limene alembi agawa. Musalowe pa sukulu osadzera kwa ahedi. Muzipita awiriawiri, mnyamata ndi mtsikana ngati n'kotheka, ndipo muzikumana ndi ana m'kalasi kapena pansi pa mtengo, osati kunyumba kwanu. Gulu lisapitirire ana makumi awiri. Masabata awiri oyamba ndi a pakamwa ndi mafunso anayi aja, awiri otsatira ndi a kuona, kumva ndi kulemba, awiri omaliza ndi a kukonza. Pamapeto tidzaitana makolo, ana adzawerenge okha, ndipo nkhani zimene eni ake ndi makolo awo avomera tidzaziika mu kalata yathu ino.

Ntchito imodzi ndikupatsani inuyo musanapite kwa ana. Sabata ino aliyense apeze munthu wachikulire, amupemphe chidokoni chimodzi kapena nkhani ya ubwana wake. Akalola, mujambule mawu pa foni. Ku Bolero chaka chilichonse pa Gonapamuhanya timamva mbiri ya Mlowoka ndi a Chikulamayembe, ndipo imeneyo ili ndi oisunga. Vimbuza nayo inalembedwa ndi UNESCO pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Koma nkhani ya mmene agogo anu aakazi anakwerera Gorodi wapansi ali ndi mwana kumbuyo, imeneyo palibe bungwe limene lidzabwere kudzaisunga. Ine agogo anga anamwalira ndili ndi foni m'thumba, ndikungoti ndidzawajambula pa holide.

Kenako mulembe nkhani yanu, tsamba limodzi, mubwere nayo Loweruka likudzali. Tidzaiwerenga pano ndipo anzanu adzakuuzani pamene asochera. Mumve kaye mmene mtima umagundira munthu akamawerenga zake pagulu, kuti mwana akadzakupatsani kope lake nthawi yopuma, mudzalilandire ndi manja awiri. Nanenso ndibwera ndi yanga.